Funsani Azakhali a ku Joni: khadi ndi pasipoti zanga zili kwa wakatapila

Makalata abwera ambiri mwezi uno, ndipo ochuluka akulira ngongole ndi kuzizira. Ndasankhapo anayi. Yoyambayi ndiichedwera, chifukwa ndaiwerenga kawiri ndili pa desiki yanga kuno ku Fordsburg mpaka tiyi kundizizirira.

FUNSO: Azakhali, ndimagwira ntchito ya m'gadeni panyumba zitatu ku Randburg, ndimagona ku Zandspruit. Novembala watha amayi anaimba foni kuti anzawo onse athira feteleza, iwo okha ndi amene chimanga chayamba chikasu. M'thumba munalibe kanthu, ndiye ndinakatenga R2,000 kwa mashonisa wina wa kwathu konkuno. Anati ya pamwamba ndi R1,000 mwezi uliwonse. Anatenga pasipoti yanga, khadi la kubanki ndi PIN yomwe. Papita miyezi 7, mwezi ukatha amakatapa yekha R1,000 yakeyo, koma akuti R2,000 ija ikadalipo yonse. Kumudzi sakudziwa kanthu. Ndichite bwanji? Ndine wothedwa nzeru, ku Zandspruit.

YANKHO: Achimwene, tiyambe tawerengera limodzi. Miyezi 7 ya R1,000 ndi R7,000. Munatenga R2,000. Mwabweza katatu ndi theka, ndiye wina akukuuzani kuti simunayambe n'komwe. Kwathu timati katapila, kuno amati mashonisa, koma nyamayo ndi imodzi.

Dziko lino lili ndi lamulo la ngongole, National Credit Act la 2005, ndipo amene amaliyang'anira ndi bungwe la National Credit Regulator, lomwe ambiri amangoti NCR. Aliyense wobwereketsa ndalama pofuna phindu ayenera kulembetsa kumeneko. Pa ngongole yaing'ono ya miyezi yochepa ngati yanuyi, chiwongoladzanja sichiyenera kupitirira 5 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo mukabwerekanso m'chaka chomwecho chimatsika kufika pa 3. Pa R2,000 ndiye kuti R100 pamwezi. Amaloledwa kuikapo kandalama kotsegulira ngongole ndi ka mwezi ndi mwezi kosaposa R60, koma ngakhale muphatikize zonsezo simungayandikire R1,000. Lamulo lomweli limaletsa wobwereketsa kusunga chiphaso cha munthu, khadi la kubanki kapena PIN ngati chikole. Apolisi ndi a NCR amachita zipikisheni n'kumanga anthu opezeka ndi milu ya makhadi a eni. Choncho pa nkhani ya pasipotiyo wolakwira lamulo ndi iyeyo. Ndiponso pasipoti ija kwenikweni ndi katundu wa boma la Malawi, inu munangopatsidwa kuti muziyendera.

Kudziwa lamulo n'kwabwino, koma inu mumagona ku Zandspruit ndipo iye amadziwa chitseko chanu. Ndiye tiyende mochenjera.

Choyamba tsekani mpopi. Mabwana anu atatu aja auzeni kuti kwa miyezi iwiri azikupatsani malipiro pamanja. Simukuyenera kuwafotokozera zonse, mungoti khadi lavuta. Kenako imbani foni kubanki kapena lowani pa app mutseke khadilo. Khadi latsopano adzafuna pasipoti, n'chifukwa chake ndikuti malipiro ayambe asiya kulowa mu akauntiyo. Mwezi woyamba umene akapeze mu ATM muli gwa, adzakufunani yekha, ndipo apo m'pamene mudzakhale ndi pakamwa.

Musapite nokha, musapite usiku. Tengani akuluakulu awiri, kaya a kutchalitchi kapena kumzikiti, kaya atcheya a bungwe lanu la maliro, anthu amene nayenso amawachitira manyazi. Pitani ndi sitetimenti ya kubanki, mutha kuitulutsa pa foni, yoonetsa masiku onse 7 amene anatapa ndalama. Mawu ake akhale ochepa: ndapereka R7,000, ndabwerera pasipoti yanga. Ine ndikanakhala inu, akanati aumirire ndikanalola kandalama kotsiriza komwe ndingathe, kuti nkhani ithe mwamtendere, koma ndalama ndi pasipoti zisinthane manja nthawi imodzi pamaso pa mboni, ndipo alembe kuti ngongole yatha. Ena adzati n'kupusa kuwonjezera munthu amene wadya kale. Mwina. Koma R500 njotchipa poyerekeza ndi kusamuka usiku. Akakana, kapena akayamba kuopseza, kadandauleni kupolisi ndi ku NCR, ndipo dziwitsaninso ofesi ya kazembe wathu, ya ku Johannesburg konkuno kapena ya ku Pretoria.

Tsopano mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu ndi awa: kumudzi sakudziwa kanthu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo sindikukuweruzani, chifukwa njira imeneyi ndinaiyenda. Mu 2009 mlongo wanga ankakwatira ku Ntcheu. Ine ndinali nditangotha zaka zitatu kuno, ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Turffontein, koma kumudzi ndinali kale "achemwali a ku Joni". Anandipatsa mbali ya zakumwa ndi suti ya mkwati. Kunena kuti ndilibe kunandikanika kukhosi. Ndinakatenga ndalama kwa mayi wina amene ankabwereketsa, ndinatumiza, anthu anavina, pelekanipelekani anayenda bwino. Zithunzi zinafika ine ndikudya nsima ya kabichi wopanda tomato, ndipo ndinadya kabichi ameneyo mpaka chaka chinatha. Nditadzawauza amayi patapita zaka, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukanangonena, tikanaphika thobwa." Mawu amenewo ndi amene anandiphunzitsa kusunga mabuku, kuposa sukulu ya madzulo imene ndinapitako pambuyo pake.

Anthu akumudzi si adyera. Amangomva kuti randi imodzi ikasinthidwa imabala makwacha ambirimbiri, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Samva kuti lendi, thiransipoti ndi magetsi timalipiranso ndi randi yomweyo. Amayi anu auzeni manambala enieni: ndimalandira mwakuti, chipinda chimadya mwakuti, taxi mwakuti, chotsala ndi ichi. Mudzadabwa kuti akuluakulu amamvetsa msanga kuposa achinyamata.

Chinanso, feteleza sagwa ngati maliro. Novembala amabwera chaka chilichonse pa nthawi yake, monganso fizi ya Seputembala, Januwale ndi Epulo. Mukamaika R250 pambali kuyambira Febuluwale, pofika Okutobala muli ndi R2,250, yoposa imene inakutengerani kwa mashonisa, ndipo mugula feteleza mzere usanatalike. Ngati ndalama sikhala m'manja mwanu, lowani chipereganyu cha anthu owadziwa kwawo, chimene kuno amati stokvel, mupemphe kuti ulendo wanu wolandira uzikhala Okutobala. Potumiza, kaya ndi Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, musamangoyang'ana ndalama yotumizira. Funsani kuti pa R1,000 kumudzi kukafika makwacha angati, poti ena amatchipitsa potumizira n'kukubwezerani pa mtengo wosinthira. Ndipo kutumiza kamodzi pamwezi kumapulumutsa kuposa timaR200 ta sabata iliyonse.

Kwa ena amene ngongole zanu zili kumasitolo ndi kumabanki olembetsedwa: mukalephera kulipira, chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zina zimene zimaunjikana pa nthawi imeneyo siziyenera kuposa ngongole imene inatsala pamene munasiya kulipira. Wina akakuimbirani kuti R3,000 yasanduka R11,000, mupempheni sitetimenti yolembedwa musanavomere chilichonse pa foni.

FUNSO: Azakhali, tili mabanja anayi pabwalo limodzi ku Cosmo City, mita ndi imodzi. Timasonkha R300 banja lililonse koma chiyambireni Juni magetsi akumatha pa 20. Tayamba kulozana zala, ena akuti ndi ana anga amene amatchaja mafoni usiku wonse. Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, ana anu asiyeni agone. Foni ngakhale muitchaje usiku uliwonse, mwezi wathunthu siingamalize yuniti imodzi. Wakuba magetsi ndi chilichonse chimene chimatentha: hita, ketulo, ayironi, kasitovu ka mbale ziwiri, ndi giza ngati ilipo. Tembenuzani hitayo muone kapepala ka kumbuyo. Ikalembedwa 2000W, ndiye kuti ola lililonse imadya mayunitsi awiri. Kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 11 usiku ndi mayunitsi 10, banja limodzi, usiku umodzi. Pabwalo lanu ndikhulupirira pali mahita osachepera awiri amene eni ake sawatchula pamsonkhano.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Mitengo ya magetsi olipiriratu m'malo ena kuno imakwera ngati makwerero: mayunitsi oyamba m'mwezi ndi otchipa, mukadutsa mulingo wina otsatirawo amadula. Mabanja anayi pa mita imodzi amafika msanga pa mtengo wapamwambawo, ndiye R100 ya pa 25 sigula mayunitsi ofanana ndi R100 ya pa 1. Sungani timapepala ta mayunitsi mwezi umodzi, muyerekeze nokha.

Khalani pansi ndi eni nyumba mukambirane zoika timamita ting'onoting'ono chipinda chilichonse, aliyense azilipira chimene wadya. Zikakanika, lembani papepala zipangizo zotentha za banja lililonse, wa hita azisonkha zoposa wa bulangete. Nyemba zivyikeni usiku, m'mawa zikawira mphindi 20 chotsani poto, mukulunge m'bulangete lokhuthala, muzipeza madzulo zitafewa. Koma chonde, pothawa bilu musalowetse mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko. Utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo nyengo yozizira iliyonse kuno, ndipo kutumiza maliro ku Malawi kumadula kuposa magetsi a zaka zingapo.

FUNSO: Ndimagulitsa m'shopu ya zitsulo ku Mayfair, malipiro R6,500. Abwana amadula R400 mwezi uliwonse, akuti ndi msonkho. Pepala la malipiro sitilandira. Kodi n'zoona? Ndine mnyamata wa ku Mangochi.

YANKHO: Mwanawe, iyi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuyankha mosazungulira. Chaka cha msonkho cha SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale. M'chaka chimene chinayamba Malichi 2025, munthu wosakwana zaka 65 ankayamba kudulidwa msonkho wa PAYE akamalandira zoposa R95,750 pachaka, pafupifupi R7,980 pamwezi. Iwe uli pansi pa mzere umenewo. Chimene angadule ndi UIF, ndalama ya thumba lothandiza anthu ntchito ikawathera, yomwe ndi 1 pa 100 iliyonse, kutanthauza R65, abwananso n'kuikapo R65 yawo. R335 yotsalayo ikupita kwina.

Lamulo la ntchito limati wolemba ntchito azipereka pepala la malipiro loonetsa zonse zimene wadula. Lipemphe mwaulemu, unene kuti akulifuna kubanki, zomwe nthawi zambiri zimakhala zoona. Pemphanso IRP5, pepala limene limaonetsa msonkho umene anakaperekadi ku SARS m'dzina lako. Ngati anaperekadi, ungathe kuitanitsa kuti ubwezeredwe. Ngati pepalalo silituluka, wadziwa. Lemba m'kope tsiku ndi ndalama imene walandira mwezi uliwonse, chifukwa tsiku lodzapita ku ofesi ya zantchito kapena ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, kopelo lidzakuyankhulira.

Usaganize kuti sukhoma msonkho ayi. VAT ya 15 pa 100 iliyonse umalipira pa sopo, shuga, nkhuku ndi eyataimu. Koma ufa, mpunga, buledi wa bulauni, mazira, mkaka, nyemba zouma, ndiwo zamasamba, mafuta ophikira ndi nsomba za pilchards za m'chitini zilibe VAT. Mwana wa kunyanja kudya nsomba ya m'chitini n'chipongwe, ndikudziwa, koma mwezi ukafika pakati chambo cha ku Yeoville chisiyire amalipiro aakulu.

FUNSO: Ndikufuna kugula furiji yaikulu yoti a thiransipota akandisiyire kwa apongozi ku Mzimba Disembala ikubwerayi. Ndigule pa akaunti kapena pa lay-by? Ndine mkamwini, ku Tembisa.

YANKHO: Akamwini, pa ziwirizi lay-by, yolipira pang'onopang'ono katundu akadali kusitolo, ndiyo yabwino: palibe chiwongoladzanja, ndipo mukasintha maganizo ndalama zanu zimabwerera atadulapo kochepa. Pa akaunti mudzakhala mukulipira furijiyo, ndi inshulansi yake yomwe, zaka ziwiri itafika kale ku Mzimba. Musanapereke dipoziti funsani a thiransipota mtengo wawo pamodzi ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza kapena Dedza, muphatikize, muyerekeze ndi mtengo wa furiji yomweyo ku Mzuzu. Komanso m'munsi mwa kalata yanu mwalemba kuti kumudziko mapolo a magetsi akuti afika chaka cha mawa. Apongoziwo munawafunsa chimene akufuna?