Kodi asamurai anatha chifukwa chokana mfuti?

Mmodzi mwa owerenga athu wandilembera pa imelo kufunsa ngati n'zoona kuti asamurai, ankhondo akale a ku Japan, anatha chifukwa chokana zida zatsopano n'kukakamira lupanga. Zikomo kwambiri bambo pa funso lanuli. Kuona kwanga n'kwakuti chimene anthuwa ankamenyera kwenikweni chinali chakudya cha mabanja awo ndiponso ulemu wawo.

Amene anathetsa usamurai anali asamurai anzawo. Saigo Takamori ndi Okubo Toshimichi a ku dera la Satsuma, mogwirizana ndi anzawo a ku dera la Choshu, ndiwo anagwetsa ulamuliro wa banja la Tokugawa mu 1868, ndipo boma limene anakhazikitsalo linalamula mu 1873 kuti ngakhale ana a alimi azilembedwa usilikali. Chaka chowawa kwambiri chinali 1876, pamene boma linaletsa kuyenda ndi lupanga, kenako n'kuthetsa malipiro a chaka ndi chaka amene mabanjawa ankadalira kwa mibadwo yambiri, n'kuwapatsa zikalata za ngongole ya boma zimene kwa ambiri sizinkakwanira kugulira mpunga. Ine ndimamva chisoni ndikaganizira munthu wamkulu amene walandidwa ntchito, malipiro ndi chizindikiro cha ulemu wake m'zaka zochepa chotero.

Okana mfuti analipo ndithu. Gulu la asamurai akale lotchedwa Shinpuren, la amuna osakwana 200, linaukira asilikali a boma ku Kumamoto mu Okutobala 1876 litanyamula malupanga ndi mikondo, ndipo pofika mawa lake linali litagonja. Koma nkhondo yaikulu, ya ku Satsuma mu 1877, inali yosiyana. Saigo, yemwe anali atatula pansi udindo wake m'boma mu 1873, anatsogolera anthu oukira boma okhala ndi mfuti ndi mizinga, amene anazinga linga la Kumamoto masiku oposa 50, ndipo malupanga anayamba kuwadalira kwambiri zipolopolo zitayamba kuchepa. Pa phiri la Tabaruzaka, boma nalonso linatumiza apolisi odziwa lupanga, ambiri mwa iwo asamurai akale, kuti akalimbane nawo.

Saigo anafera pa phiri la Shiroyama ku Kagoshima pa 24 Seputembala 1877, atatsala ndi anthu mazana ochepa. Okubo, mnzake wa paubwana amene anali kumbali ya boma, anaphedwa ndi asamurai akale ku Tokyo mu Meyi 1878, ndipo mu 1889 boma lomwe lija linakhululukira Saigo.