Kwa achemwali a ku Joni amene afunsa za masewera onunkhiza pa Tu BiShvat

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mayi wa ana awiri amene mumalera ku Johannesburg, wina wa zaka zitatu wina wa zaka zisanu, akupemphani kuti pa Tu BiShvat musewere nawo masewera ofananitsa fungo, koma tsikulo simunalimvepo ndipo simukudziwa poyambira. Ine ndagwira ntchito pasukulu ya mkaka ya Ayuda mumzinda womwewu kwa zaka zingapo, ndipo masewerawa timachita chaka ndi chaka. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni.

Tu BiShvat ndi tsiku la 15 la mwezi wa Shevat pa kalendala ya Chiyuda, ndipo limagwa mu Januwale kapena Febuluwale. Liwu loti "Tu" ndi zilembo ziwiri za Chiheberi, tet ndi vav, zoimira 9 ndi 6, zomwe pamodzi ndi 15. Akuluakulu amati ndi Chaka Chatsopano cha Mitengo, koma ana amangoti tsiku lobadwa la mitengo. Gwero lake ndi ulimi. Pa Levitiko 19 pali lamulo loti zipatso za mtengo wongobzala zisadyedwe zaka zitatu zoyamba, ndiye pankafunika tsiku limodzi lowerengera zaka za mitengo komanso chakhumi cha zipatso. Aphunzitsi akale anasiyana maganizo: a gulu la Shammai ankati pa 1 Shevat, a gulu la Hillel ankati pa 15, ndipo mwambo unatsata a Hillel. Ku Israel nthawi imeneyi mvula yambiri imakhala itagwa kale, ndipo mtengo wa amondi umayamba kuchita maluwa oyera ndi apinki masamba asanaphuke n'komwe. Mukaona ana ajambula mtengo wa maluwa apinki kusukulu, ndi umenewo.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri n'chakuti kwa Ayuda kununkhiza si nkhani yaing'ono. Ngati munakhalapo pakhomopo Loweruka madzulo, mwina munaona akuyatsa kandulo yolukana, n'kumapatsirana kabokosi ka zonunkhira potsazika Sabata. Mwambo umenewo ndi Havdalah. M'mabuku awo a Talmud muli funso loti, n'chiyani chimene mzimu umakondwera nacho thupi osapindulapo kanthu? Yankho lake ndi fungo. Ndiye fungo lokoma lili ndi madalitso akeake. Pa chitsamba kapena mtengo wonunkhira ngati rosemary amati "borei atzei besamim", pa timasamba ngati minti amati "borei isvei besamim", pa chipatso chonunkhira amati "hanoten reiach tov bapeirot". Inu simukuyenera kuwaloweza, ndipo mabanja amasiyana pa dalitso loyenera zinthu ngati sinamoni, choncho zimenezo asiyireni mayi awo. Ndakuuzani kuti mudziwe chimene mayiyo akufuna: ana adziwe kuti fungo lililonse lili ndi kumene linachokera, ndipo athokoze.

Chifukwa cha ichi, posankha zonunkhiza, sankhani zochokera ku mitengo. Makoko a lalanje, makoko a ndimu, sinamoni amene ndi khungwa la mtengo, ma clove amene ndi maluwa osamasula owumitsidwa, masamba a paini, tsamba la bulugama lofikisa, khofi wogaya. Ambiri amathamangira zipatso zisanu ndi ziwiri za pa Deuteronomo 8:8, zomwe zimadyedwa patsikuli: tirigu, balere, mphesa, nkhuyu, makangaza, azitona, ndi uchi, womwe Ayuda amaumva kuti ndi wa zipatso za kanjedza. Zimenezo n'zabwino pakudya, koma pa mphuno ya mwana n'zofooka. Tirigu ndi balere sanunkhira mosiyana kwenikweni, ndipo mwana amangokhumudwa. Ngati mukufuna chimodzi cha pa mndandandawo, thirani timadontho ta mafuta a azitona pa thonje, kapena ng'ambani nkhuyu youma pakati.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Pezani timabotolo tofanana tosaonekera m'kati, kapena makapu apepala. Chinthu chilichonse muchiike m'timabotolo tiwiri, muvindikire ndi kansalu kopyapyala, mumange ndi labala. Masokosi a ana oyera bwino nawonso amagwira ntchito. Pansi pa botolo jambulani chizindikiro chofanana pa tiwiri tofanana, kuti mwana akatembenuza adzionere yekha ngati walondola. Zimenezi zimathandiza kwambiri, chifukwa inu simukhala woweruza.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndinachita chaka changa choyamba. Ndinakonza zonse usiku, n'kuziika m'bokosi limodzi lotseka. Kutacha, chilichonse chinkanunkhira ma clove, ngakhale lalanje. Ana anayesa kufananitsa koma zinakanika, ndipo kamtsikana kena kanalira poganiza kuti mphuno yake yawonongeka. Zinandipweteka mtima. Kuyambira pamenepo ndimakonza m'mawa womwewo, makoko ndimapala ana atatsala pang'ono kufika, ndipo ma clove ndi khofi ndimasunga patali ndi zinzake.

Wa zaka zitatuyo musamupatse timabotolo tiwiritiwiri ayi. Mwana wa msinkhu umenewo amavutika kusunga fungo m'mutu kwinaku akufunafuna linzake. Muikireni patebulo zinthu zenizeni zitatu: lalanje lathunthu, kamtengo ka sinamoni, kanthambi ka paini. Azigwire, azinunkhize, muzitchula mayina ake. Kenaka mumupatse botolo limodzi n'kumufunsa kuti, "Kodi mwini fungo ili ndani apa?" Mudzaonanso kuti ana aang'ono ambiri mukati nunkhiza amapemerera mpweya kunja m'malo mokokera m'kati. Musonyezeni ndi duwa, mukoke mpweya mwamphamvu mapewa akwere, iye adzatsanzira.

Wa zaka zisanuyo angathe mitundu inayi kapena isanu ya timabotolo tiwiritiwiri. Yambani ndi zosiyana kwambiri, monga khofi ndi ndimu. Akazolowera, muyeseni ndi lalanje ndi ndimu pamodzi, pamenepo mpamene masewera amakoma. Mphuno imatopa msanga, ndiye akanunkhiza katatu kanayi apume, atuluke panja pang'ono. Kumumanga nsalu kumaso sikofunika, ana ena amaopa. Mphindi khumi zakwana.

Gawo limene ine ndimalikonda ndi kucheza kumene kumabwera pakati. Musamangofunsa kuti "n'chiyani ichi", funsani kuti chikumukumbutsa chiyani. Mnyamata wina atanunkhiza sinamoni anati, "Awa ndi agogo anga," chifukwa agogo akewo ankaphika keke ya sinamoni Lachisanu lililonse. Apo ndinamuonetsa kamtengo kopiringizika kaja n'kumuuza kuti ndi khungu la mtengo, ndipo anapita panja kukanunkhiza makungwa a mitengo yonse ya pabwalo. Ngati pakhomopo pali mtengo wa mandimu, malizirani masewera pansi pake. Afikise tsamba m'manja, amve kuti tsamba ndi chipatso n'zapachibale.

Tsopano zosamala. Funsani mayi awo ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza wa mtundu uliwonse, chifukwa amondi amapezeka kwambiri patsikuli. Mtedza wathunthu ndi ma clove zingamutsamwitse wamng'onoyo, ndiye timabotolo timangidwe zolimba. Mafuta onunkhira a m'timabotolo ta kusitolo asiyeni, ngamphamvu kwambiri ndipo ndi oopsa mwana akamwa kapena akapaka m'maso. Tsabola ndi ufa wouluka ayinso. Ngati banjalo limasunga malamulo a kosher, omwe ndi malamulo a Chiyuda a zakudya, musabweretse chakudya kapena ziwiya zanu. Gwiritsani za m'khitchini mwawo, ndipo funsani mpeni ndi mbale zoyenera. Nkhuyu ndi zipatso za kanjedza zouma amazitsegula kaye kuti aone ngati mulibe tizilombo. Ndipo tsikulo likagwa pa Sabata, kudula mapepala, kumata ndi kulemba zithe Lachisanu dzuwa lisanalowe.

Mukatha, mwina banjalo lidzadya zipatso pamodzi. Ena amachita mwambo wa chakudya umene unachokera kwa aphunzitsi a mumzinda wa Safed, m'dziko limene lero ndi Israel, m'zaka za m'ma 1500, wokhala ndi makapu anayi a vinyo kapena juwisi wa mphesa, kuyambira woyera mpaka wofiira. Ena amabzala mtengo, mwambo umene mphunzitsi Ze'ev Yavetz anachita ndi ana asukulu ake ku Zichron Yaakov, mudzi wa m'dziko lomwelo, mu 1890. Apa ife sitiri alendo, pakuti kwathu ku Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba mu Disembala mpaka Epulo, ndipo Tu BiShvat imagwa m'katikati mwake. Ana a kusukulu kwathu amadabwa ndikawauza kuti nthawi imeneyi abale anga nawonso amakhala akukumba mayenje a mbande. Auzeni anawo zimenezo, ndipo njere za ndimu limene mwapalalo musataye. Zitsukeni, mupatse aliyense kachitini ka dothi kobowola pansi, abzale zitatuzitatu, aike pawindo pofika dzuwa, ndipo azithirira pang'ono dothi likayamba kuuma.