Dzanzi la m'zala za kumapazi: yankho kwa mayi wa ku Kawale

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Kawale, wa zaka 54, yemwe amagulitsa kaunjika pa msika wa Tsoka. Iwo akuti kwa miyezi inayi tsopano zala za mapazi awo onse awiri zakhala zikuchita dzanzi, usiku mapaziwo amatentha ngati apakidwa tsabola, ndipo tsiku lina patapata anavuka iwo akuyenda, osadziwa mpaka mnzawo atawauza. Ena pamsikapo akuti vuto ndi kuimirira nthawi yaitali, ena akuti mayiwo anaponda mankhwala. Funso lawo ndi lakuti kodi m'poyenera kusiya malonda tsiku lathunthu kukaima pa mzere kuchipatala, pamene masana palibe chimene chikuwapweteka.

Mayi, pitani kuchipatala, ndipo musadikire kuti mwezi uno uthe. Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chomwecho chimene chikukulimbitsani mtima, chakuti masana simukumva kupweteka.

Dzanzi lina ndi losaopsa ndipo tonse timalidziwa. Munthu akakhala pamphasa atapinda miyendo pamaliro, kapena akapanikizika mu minibasi kuchokera ku depoti mpaka ku Area 25, phazi limafa, kenako limanyerenyesa, ndipo akaponda kangapo limabwerera mwakale. Zimenezi zimachitika chifukwa mtsempha unapanikizika kwa kanthawi. Nsapato yothina imachitanso chimodzimodzi. Koma dzanzi lanu lakhala miyezi inayi, lagwira mapazi onse awiri mofanana, ndipo silikuchoka ngakhale mutapuma, zomwe zikusonyeza kuti mitsempha yeniyeniyo ikuwonongeka. Pano sindikunena mitsempha ya magazi ayi, koma ija yonyamula uthenga kuchokera pakhungu kupita ku ubongo, yomwe imatidziwitsa kuti taponda minga kapena khala la moto. Mitsempha yopita ku zala za kumapazi ndiyo yaitali kuposa ina yonse m'thupi, choncho matenda akayamba kuidya, ndiyo imayamba kufooka. N'chifukwa chake dzanzi lotere limayambira ku zala, n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi, ndipo likafika cha m'mawondo limayamba kumvekanso ku zala za m'manja.

Pa msinkhu wanu, choyamba kuchiganizira ndi matenda a shuga. Munthu akhoza kukhala nawo zaka zingapo osadziwa, akugwira ntchito zake bwinobwino, pamene shuga wochuluka m'magazi akuwononga mitsemphayo ndi timitsempha ta magazi toidyetsa. Dzifunseni ngati mumamva ludzu kawirikawiri, ngati mumadzuka kangapo usiku kukataya madzi, kapena ngati thupi latsika popanda chifukwa, komabe dziwani kuti ambiri alibe zizindikiro zimenezi. Kuyezetsa n'kosavuta, chifukwa amangobaya chala n'kutenga kadontho ka magazi. Mukapite m'mawa musanadye kanthu, ngakhale tiyi wa shuga. Ngati makina aonetsa 7.0 mmol/L kapena kuposerapo, zomwe pa makina ena zimalembedwa 126 mg/dL, adokotala adzafuna kubwerezanso tsiku lina kuti atsimikize. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu ku Kawale komweko, ndipo ngati pangafunike zambiri adzakutumizani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central.

Shuga akapezeka kuti ali bwino, nkhani sinathe, chifukwa pali zina zimene zimabweretsa dzanzi lofanana ndi lomweli. Kachilombo ka HIV kamawononga mitsempha pakokha, choncho ngati papita nthawi musanayezetse, yezetsani tsiku lomwelo. Mankhwala akale a ma ARV otchedwa stavudine anasiya anthu ambiri ndi mapazi otentha, ndipo ngakhale anayamba kuchotsedwa m'dziko muno kuyambira mu 2011, ena amene anawamwa akumvabe mpaka lero. Isoniazid, amene amaperekedwa pochiza ndi popewa chifuwa chachikulu, amachitanso zimenezi, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi kapiritsi ka pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6. Kuchepa kwa vitamini B12, yemwe timamupeza mu nyama, mazira, mkaka ndi nsomba monga usipa, kumabweretsanso dzanzi, ndipo amene amwa mankhwala a shuga otchedwa metformin kwa zaka zambiri amatha kuchepekeredwa vitamini ameneyu. Mowa wa tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu, nawonso umapha mitsempha. Ngati mukumwa mankhwala aliwonse mwa amenewa, musawasiye panokha, koma mukawatchule onse kwa adokotala.

Khate, lomwe nalonso limabweretsa dzanzi, lilipobe m'Malawi muno, ndipo munthu amene ali ndi banga lotuwa pakhungu lomwe silimva kukhudza ayenera kulionetsa, popeza mankhwala ake ndi aulere ndipo amachiza m'miyezi 6 kapena 12. Dzanzi la mwendo umodzi lotsagana ndi ululu wotsika kuchokera m'chiuno nthawi zambiri limachokera ku msana, ndipo si limene mwafotokoza inu.

Ndikukukakamizani chonchi chifukwa cha zimene ndinaona pa atsibweni anga. Iwo anakhala ndi dzanzi lotereli pafupifupi chaka, akumati ndi ukalamba. Usiku wina wa mwezi wa June, kukuzizira monga kumachitira kuno ku Lilongwe, anakhala pakhonde atayandikiza mapazi ku mbaula, akumvera wailesi. M'mawa mwake povula sokosi, inakanirira pa chala chachikulu, ndipo ataikoka khungu linatsatira. Ndinaona ndi maso anga matuza atatu, limodzi litaphulika, mwini wake akuliyang'ana modabwa ngati phazilo ndi la munthu wina. Popeza silinkapweteka, anangomanga kansalu n'kumapita kumunda. Patatha milungu iwiri chilondacho chinayamba kununkha, ndipo kuchipatala anawapeza ndi shuga wokwera kwambiri. Anatuluka m'chipatalamo zala ziwiri zitadulidwa. Ululu ukanakhalapo, bwenzi atachotsa phazilo pamoto nthawi yomweyo.

Pa chifukwa chimenechi ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musalole munthu aliyense kukutemerani mphini pa mapazi amenewo. Sindikunyoza anzanu amene akuti munaponda mankhwala, chifukwa akulankhula mokufunirani zabwino, koma phazi la munthu wa shuga silipola msanga, ndipo kabala ka lezala kakhoza kusanduka chilonda chachikulu. Musaviikenso mapazi m'madzi otentha, ndipo madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi chigongono. Madzulo aliwonse mukaweruka, sambitsani mapazi, pukutani bwino pakati pa zala, ndipo yang'anani pansi pake ndi kalilole, kapena mutume mwana akuonereni ngati pali mng'alu, thuza, thekenya kapena pamene pasintha mtundu. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo la pakhomo panu. Patapata musiyeni, mupeze nsapato yotseka, yofewa ndi yosathina, ndipo musanavale muzilowetsamo dzanja, chifukwa kamwala kapena kamsomali kakhoza kukhalamo tsiku lonse inu osamva.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche. Ngati dzanzi lagwira mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa papotoka, kapena mawu akutuluka mosamveka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo munthuyo atengeredwe ku Kamuzu Central nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso ngati dzanzi lafika pakati pa miyendo ndi kumatako, munthu n'kumalephera kutaya madzi kapena kudzigwira, chifukwa pamenepo mitsempha ya kumsana yapanikizika kwambiri ndipo kuchedwa kumasiya chilema. Miyendo ikamafooka mokwera m'masiku ochepa chabe, kufookako kukhoza kufika pa chifuwa n'kutsekereza kupuma. Phazi limene lazizira mwadzidzidzi, latuwa ndipo likupweteka kwambiri limasonyeza kuti magazi atsekeka. Ndipo kwa inu makamaka, chilonda chilichonse cha pa phazi chimene chatupa, chikutulutsa mafinya, chikununkha kapena chikuda, chionedwe tsiku lomwelo, ngakhale chisakupweteka.

Popita, tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba. Mukafotokoze monga mwandilembera ine, osaiwala za patapata uja, ndipo mukapemphe kuti akuoneni mapazi mutavula nsapato. Madokotala ena amagwiritsa ntchito kaulusi kolimba ka pulasitiki kokhudzira pansi pa phazi inu mutatsinzina, kuti aone malo amene simukumva. Mukayezetsenso kuthamanga kwa magazi, popeza nthawi zambiri kumayendera limodzi ndi shuga. Kutentha kwa usiku kuli ndi mankhwala ake, monga amitriptyline, amene adokotala angakulembereni ngati akukuyenerani, pamene panado wa pa golosale sathandiza kwenikweni pa ululu wa mtundu umenewu. Ndiyenera kukuuzaninso mosabisa kuti ngati chifukwa chake ndi shuga, dzanzi limene lakhazikika kale silichoka lonse kawirikawiri, koma shuga akatsika n'kukhala m'malo mwake, kukwera kwa dzanzilo kumachepa kapena kuima kumene. Likakhala la kuchepa kwa vitamini ndipo lapezeka msanga, nthawi zambiri limasintha munthu akalandira mankhwala. Konzani ndi mnzanu wa pamsika akugwirireni benchi m'mawa umodzi sabata ino, ndipo mukalandira zotsatira mudzandilemberenso.