Mafunso a Owerenga: Msodzi wa Ukonde, Madayisi ndi Malamulo a Dungeons & Dragons

Makalata onse a mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akufunsa za Dungeons & Dragons, masewera ofotokozerana nkhani patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa koyamba ku America m'chaka cha 1974. Wosewera aliyense amakhala ndi mpangankhani wake wolembedwa papepala, munthu mmodzi wotchedwa DM amatsogolera nkhani yonse, ndipo zimene zili zokayikitsa zimaweruzidwa ndi dayisi ya mbali 20 imene osewera amaitcha d20. Mayankho anga akutsatira malamulo a mtundu wachisanu amene anatuluka mu 2014, ndipo pamene malamulo okonzedwanso a 2024 asiyana nawo ndatchulapo.

Funso: Ndine mnyamata wa ku Malindi, ndipo bambo anga ndi msodzi wa chilimira. Ndikufuna mpangankhani wanga akhale msodzi amene anasiya bwato n'kuyamba kufunafuna mchimwene wake wotengedwa ndi chilombo cha m'madzi, ndipo azimenya nkhondo ndi mkondo komanso ukonde. Nambala zisanu ndi imodzi zija zoyeza mphamvu ndi nzeru za mpangankhani ndiziike pati, nanga ukonde uli ndi phindu lanji m'masewerawa?

Yankho: Achimwene, mwayamba bwino kuposa osewera ambiri, chifukwa munthu wanu ali kale ndi kwawo, ntchito yake komanso chimene chikumuyendetsa, ndipo nambala zingotsatira pambuyo. Kalasi yomuyenera, kapena kuti mtundu wa ntchito yake m'masewerawa, ndi fighter, wankhondo wodziwa zida zonse. Tengani nambala zokhazikika zimene malamulo amapereka, zomwe ndi 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8. Ikani 15 pa Strength, imene ndi mphamvu za thupi, chifukwa mkondo umadalira imeneyo. Ikani 14 pa Constitution, kupirira kwa thupi, ndipo 13 ipite pa Dexterity, changu cha manja ndi mapazi, popeza ukonde umawerengedwa ngati chida choponya ndipo umatsatira Dexterity. Nambala 12 ikhale pa Wisdom, 10 pa Charisma, luso lokopa anthu, ndipo 8 itsalire Intelligence. Musade nkhawa kuti mwapanga munthu wopusa. Intelligence imayeza za m'mabuku ndi kukumbukira zophunzira, pamene kuona mtambo n'kudziwa kuti mwera ukubwera, kapena kuzindikira pamene pali usipa usiku, ndi ntchito ya Wisdom, ndipo bambo anu angakuuzeni kuti nzeru yachiwiriyi ndi imene imabweretsa munthu kugombe ali wamoyo.

Mukasankha kuti akhale wa mtundu wa anthu (human) osati cholengedwa china, malamulo a 2014 amawonjezera 1 pa nambala iliyonse, kotero Strength ikhala 16, Constitution 15 ndipo Dexterity 14. Nambala yowonjezera poponya dayisi imapezeka pochotsa 10 n'kugawa chotsalacho pawiri, kusiya zotsalira, choncho Strength ikupatsani +3 ndipo zina ziwirizo +2 iliyonse. Wankhondo amayamba ndi mapointi a moyo 10 kuphatikiza ya Constitution, kotero msodzi wanu ayamba ndi 12. Akalasa ndi mkondo muziwonjezera 5 pa d20, chifukwa pa 3 ija pamabweranso 2 ya ukatswiri imene aliyense amakhala nayo kuyambira mlingo 1 mpaka 4 wa kukula kwa mpangankhani, ndipo mkondowo ukalowa umavulaza d6, dayisi ya mbali 6, kuphatikiza 3 akaugwira ndi dzanja limodzi, kapena d8 kuphatikiza 3 akaugwira ndi manja awiri. Pa mbiri ya moyo wake sankhani ya Sailor, imene imapereka luso la Athletics (kusambira ndi kukwera) ndi Perception (kuona ndi kumva zinthu msanga) komanso kuyendetsa zombo.

Za ukonde ndiyenera kunena zoona zake. Ukonde suvulaza ngakhale pang'ono, koma ukagwira mdani amene si wamkulu kupitirira hatchi umamukola moti sangasunthe, anzanu onse amamumenya ndi advantage, ndiko kuponya d20 kawiri n'kutenga nambala yaikulu, ndipo iye amamenya ndi disadvantage, kuponya kawiri n'kutenga yaing'ono. Kuti adzimasule ayenera kutaya mpata wake wochita kanthu pa ulendo umenewo wa nkhondo poyesa Strength yofika 10, kapena wina adule ukondewo. Vuto lili pakuponya. Malamulo a 2014 amati ukonde umafika bwino pa mapazi 5 okha ndipo malire ake ndi mapazi 15. Mukaponya kupitirira mapazi 5 muli ndi disadvantage chifukwa cha kutalika, ndipo mukaponya muli pafupi mulinso ndi disadvantage chifukwa chida choponya chimavuta mdani akakhala pamphuno panu. Kuwonjezera apo, pa mlingo 5 pamene wankhondo amayamba kumenya kawiri, ulendo umene waponya ukonde amamenya kamodzi kokha. M'malamulo a 2024 anakonza zimenezi, moti mdaniyo ndi amene amaponya dayisi kuti azembe ukondewo, ndipo ine ndingapemphe DM wanu kuti atengeko lamulo limenelo ngakhale zina zonse mukutsatira zakale. Ukonde uziponyedwa pamene pali mdani mmodzi woopsa komanso pamene m'gulu mwanu muli rogue, katswiri womenya mozembera, chifukwa iye akapeza advantage amawonjezera d6 pa kuvulaza kwake mwa luso lotchedwa Sneak Attack.

Pamene msodziyu adzawale kwenikweni ndi m'madzi. Amene alibe liwiro losambira amamenya ndi disadvantage pansi pa madzi pokhapokha atagwira mpeni, nthungo, lupanga lalifupi, mkondo kapena mkondo wa mano atatu, kotero anzanu a nkhwangwa ndi malupanga aakulu adzavutika pamene inu mukulasa monga mwa masiku onse. Adzathanso kusunga mpweya kwa mphindi 3, chifukwa lamulo limati mphindi imodzi kuphatikiza nambala yowonjezera ya Constitution, ndipo popeza ulendo umodzi wa nkhondo ndi masekondi 6, mphindi zimenezo ndi maulendo 30, otalika kuposa nkhondo zambiri.

Funso: Ndimatsogolera masewera a anthu asanu ku Namwera. Ndinawalola kuti akaponye madayisi a nambala zawo kunyumba, ndipo mmodzi wabwera ndi 18 ziwiri komanso 17, pamene mtsikana wina nambala yake yaikulu ndi 13. Gulu layamba kung'ung'udza. Ndichite chiyani?

Yankho: Cholakwa choyamba chinali kulola madayisi kuponyedwa kumene simukuona, ndipo ndi bwino muvomereze zimenezi pamaso pa gulu lonse m'malo moloza chala mnzanuyo. Njira yoponya imati mutenge madayisi anayi a mbali 6, mutaye imene yatulutsa nambala yaing'ono, n'kuphatikiza zitatu zotsala. Kuti 18 ituluke pamafunika kuti madayisi osachepera atatu agwere pa 6, ndipo zimenezi zimachitika m'njira 21 zokha mwa njira 1296, kotero kukhala ndi 18 ziwiri pa nambala zisanu ndi imodzi kumagwera anthu osakwana 4 pa anthu 1000 aliwonse. N'zotheka, ndipo simungatsimikize kuti wanama, koma ngakhale atakhala kuti sananame vuto likadalipo, chifukwa amene ali ndi +4 amaposa wa +1 ndi magawo 15 pa 100 nthawi iliyonse imene aponya d20, kwa miyezi yonse imene mudzasewere.

Uzani onse kuti muyambiranso pamodzi, ndipo mugwiritse ntchito njira yogula ndi mapointi. Aliyense amalandira mapointi 27, nambala zonse zimayambira pa 8 yaulere, kukwera mpaka 13 kumadya pointi imodzi pa sitepe iliyonse, 14 imagulidwa ndi mapointi 7 ndipo 15, imene ndi malire, imagulidwa ndi 9. Mukawerenga mupeza kuti nambala zokhazikika zija za 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8 zimakwana mapointi 27 ndendende, kotero amene sakufuna masamu angotenga zimenezo. Ngati gulu lanu limakonda chisangalalo cha kuponya, aliyense aponye patebulo onse akuona, kenaka musankhe mndandanda umodzi woti onse augwiritse ntchito, aliyense kuuyala monga afunira.

Funso: Mpangankhani wanga anapempha mfumu ya m'nkhani yathu kuti imusiyire mpando, ndipo dayisi inagwera pa 20. DM anakana, n'kunena kuti mfumuyo yangoseka. Kodi sanandibere? Ndine wowerenga wa ku Monkey Bay.

Yankho: Sanakubereni. Lamulo lakuti 20 imapambana mulimonse limagwira ntchito pomenya mdani, pamene imachititsanso kuti madayisi a kuvulaza aponyedwe kawiri, koma silikhudza kuyesa luso monga Persuasion, lonyengerera anthu. Poyesa luso, 20 ndi nambala chabe imene imaphatikizidwa ndi zowonjezera zanu n'kuyerekezedwa ndi nambala yofunika kufika imene DM waika, ndipo chinthu chosatheka chimakhalabe chosatheka. Pitani kwa Gogo Chalo aliyense wa kwanuko mukapemphe ufumu ndi mawu okoma kwambiri amene mungawapeze, ndipo mukabwerako akuseka osakulipiritsani mbuzi, dziwani kuti mwalankhula mwaluso. Chimene ndingamudzudzule DM wanu n'chakuti sakanakulolani kuponya dayisi n'komwe, popeza ankadziwa kale kuti yankho ndi lokana.

Funso: Kuno ku Makanjira madayisi amene timapeza ndi a ludo okha. Mnzathu akuti tiziponya atatu n'kuphatikiza m'malo mwa d20. Kodi n'zofanana?

Yankho: Sizofanana, ndipo musatero. Pa d20 nambala iliyonse ili ndi mwayi wofanana wa 1 pa 20, pamene madayisi atatu a ludo amangotulutsa kuyambira 3 mpaka 18 ndipo amaunjikana pakati, moti 10 kapena 11 imatuluka kamodzi pa maulendo anayi aliwonse pamene 18 imatuluka kamodzi pa 216. Mukatero 20 simudzaiona, ndipo mdani wovala zida zolimba adzakhala wovuta kwambiri kumulasa. Tolani zitsekerero za mabotolo 20 za mtundu umodzi, mulembe nambala 1 mpaka 20 mkati mwake, muziike m'kathumba ka nsalu, ndipo wosewera azitola chimodzi osayang'ana. Chofunika ndi kubwezera chitsekererocho m'thumba musanatolenso, ngakhale pamene muli ndi advantage ndipo mukutola kawiri, chifukwa mukapanda kubwezera mwasintha mwayi. Thumba lomwelo lingagwire ntchito ya d8 kapena d12 ngati mubwezera n'kutolanso nthawi iliyonse imene nambala yapitirira malire. Amene ali ndi foni angapeze mapulogalamu aulere oponya madayisi, ngakhale kuti ine ndimakonda thumba, chifukwa aliyense amaona dzanja likulowa ndi kutuluka. Malamulo oyambira nawonso kampani ya Wizards of the Coast, imene mu 1997 inagula TSR, kampani yomwe inkasindikiza masewerawa, inawaika pa intaneti kwaulere, kotero gulu lingayambe popanda kugula buku.

Funso: Ndimasewera cleric, wansembe wa mphamvu zozizwitsa, pa boma pa Mangochi pompano. Ndinadalitsa anzanga ndi mphamvu yotchedwa Bless, kenaka ndinadziteteza ndi ina yotchedwa Shield of Faith, ndipo DM anati Bless yatha pomwepo. Pambuyo pake chilombo chinandivulaza mapointi 26 ndipo anandiponyetsa dayisi kuti Shield of Faith isathe. Kodi zonsezi zili m'malamulo?

Yankho: Zonse ziwiri zilimo, achemwali, ndipo DM wanu anawerenga bwino. Bless ndi Shield of Faith zonse zili m'gulu lofuna concentration, kutanthauza kuti mpangankhani amazisunga ndi maganizo ake, ndipo munthu sangasunge ziwiri nthawi imodzi, kotero kuyamba yachiwiri kumathetsa yoyamba nthawi yomweyo. Mukavulazidwa mumayenera kuponya dayisi yodzipulumutsira, yotchedwa saving throw, ya Constitution yofika 10 kapena theka la mapointi amene mwavulala, malinga ndi chimene chili chachikulu, kotero pa 26 munafunika kufika 13. Mukamenyedwa katatu mumaponya katatu, ndipo n'chifukwa chake adani ang'onoang'ono ambiri amathetsa concentration msanga kuposa chilombo chimodzi chomenya kamodzi.

Pa kusankha kwanu, ine ndikanasunga Bless. Imawonjezera d4 pa kumenya ndi pa saving throw za anthu atatu kwa mphindi imodzi, ndipo mukadziika nokha pakati pa atatuwo d4 yomweyo imakuthandizaninso poponya dayisi yosunga concentration. Shield of Faith imangowonjezera 2 pa chitetezo cha munthu mmodzi. Ngati mukuona kuti mumamenyedwa kawirikawiri, imani kumbuyo kwa wankhondo wa gulu lanu, ndipo mukafika pa mlingo 4 funsani DM ngati amalola ma feat, amene ndi maluso apadera ochita kusankha, chifukwa feat ya War Caster imakupatsani advantage pa dayisi imeneyi, pamene Resilient yosankhidwa pa Constitution imawonjezera nambala ya ukatswiri, imene imayamba pa +2 n'kufika +3 pa mlingo 5.