Tifunseni: Akuti kompyuta yapeza kuti masamba aposa bulufeni, nzoona?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mayi anga athyola tiyi zaka zambiri ku esiteti ndiye pano maondo amangotupa, kuchipatala anati ndi nyamakazi nkuwapatsa bulufeni koma akuti akumawawotcha m'mimba. Ndiye pagulu lathu la WhatsApp wina waponya uthenga woti asayansi ayeza pa kompyuta, apeza kuti zomwe zili mu tiyi wobiriwira ndi chammwamba zimathetsa kutupa kuposa mapilisi. Kodi kompyuta imayeza bwanji masamba? Ndiwasiyitse mapilisiwo? Ndine wowerenga wanu, ku Luchenza.

YANKHO: Pepani ndi matenda a mayi. Koma ayi ndithu, musawasiyitse mankhwala chifukwa cha uthenga wa pafoni.

Kompyuta sigwira tsamba olo limodzi. Bondo likatupa thupi limakhala likupanga timadzi totchedwa prostaglandin, ndipo yomwe imapanga timeneti ndi puloteni ina dzina lake COX-2. Asipulini ndi bulufeni amathandiza poitseka COX imeneyi, za asipulinizo anazitulukira John Vane mu 1971. Tsono maonekedwe a COX-2 anajambulidwa kalekale, ali pa intaneti mu Protein Data Bank ndipo aliyense amatenga ulere. Wofufuza amatenganso chojambula cha kanthu kamodzi ka mu chomera, tinene EGCG wa mu tiyi wobiriwira uja, ndiye pulogalamu ngati AutoDock Vina imakatembenuza uku ndi uku kuyesa kukalowetsa pakabowo ka COX-2, ngati munthu amene akuyesa mulu wa makiyi pa loko mmodzi, ikatero imatulutsa nambala, -9 ndiye kuti kagwira zolimba kuposa -6. Ntchitoyi amaitcha docking.

Ine sindiinyoza ayi, ndi yotchipa, mwana wa ku yunivesite ya MUST pa Ndata pompa atha kuipanga pa laputopu nkusefa zinthu mazanamazana osagula khoswe wa mu labu ngakhale mmodzi. Koma ntchito yake ndi yongolozera zoti tiyeni tikayeze ichi poyamba, basi. Kukubwera kuyeza mu labu, pa nyama, kenako pa anthu, ndipo zambiri zimathera panjira.

Onani curcumin wa mu tumeriki. Pa kompyuta amakhoza bwino zedi, koma munthu ukamwa kamalowa m'magazi ndi kochepetsetsa, ndipo chiwindi chimakaphwanya msanga kasanafike nkomwe pabondo. Nanga Vioxx? Ameneyu anali mankhwala enieni, amatseka COX-2 bwinobwino, anthu amamwa dziko lonse, koma mu 2004 anachotsedwa pamsika zitadziwika kuti akuonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Docking siuza munthu zimenezo, siuzanso kuti amwe muyezo wanji.

Za tiyizo, bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linachenjeza mu 2018 kuti makapisozi a tiyi wobiriwira ofika 800 mg ya EGCG patsiku atha kuvulaza chiwindi. Tiyi wa m'kapu alibe vuto, amwe. Komanso wathu wakuda wa ku Thyolo ndi Mulanje yu EGCG wambiri amakhala atasintha kale kufakitale pomwe masamba akufiira paja. Ndiye akabwera wina ndi ufa wa m'botolo lopanda chilolezo cha PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, nkumati kompyuta yavomereza, gwirani thumba lanu.

Chomwe chandidetsa nkhawa ine ndi kuwotcha m'mimbako. Bulufeni amatsekanso COX-1 yomwe imateteza khoma la chifu, nchifukwa chake anthu achikulire amachita naye zilonda za m'mimba. Atengeni mayi mubwererenso kuchipatala sabata yomwe ino, mukanene zimenezi momveka, munenenso ngati ali ndi BP kapena vuto la impso, adokotala atha kusintha mankhwala kapena kuonjezera oteteza chifu ngati omeprazole. Bulufeniyo asamamwe pamimba popanda kanthu. Chammwamba adye ngati ndiwo. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena asanza magazi, asiye kumwa bulufeniyo pompo ndipo muthamange nawo tsiku lomwelo.