Mwana wanga akufuna kuphunzira malonda a pa WeChat, kodi muli ntchito?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wamwamuna, yemwe ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a marketing, wasankha kufufuza momwe makampani a ku Ulaya ndi ku America amatsatsira malonda pa masamba a mchezo a ku China. Akufunanso ndalama zophunzirira Chitchaina. Mayiyu akufunsa kuti, "Kodi izi si zongoseweretsa foni?"

Ayi mayi, si masewera. Ku China Facebook, Twitter ndi YouTube zidatsekedwa mu 2009, Instagram mu 2014. Ndiye kampani ngati Nike kapena Starbucks, ngakhale ikhale ndi otsatira mamiliyoni kwina konse, ikafika kumeneko imayambira pansi pa masamba a eni dziko.

Lalikulu ndi WeChat, la kampani ya Tencent, lomwe lidayamba mu 2011 ndipo anthu oposa biliyoni imodzi amaligwiritsa ntchito. Musaliyerekeze ndi WhatsApp. Munthu amacheza ndi abale ake, kulipira chakudya, kuitana takisi ndi kugula nsapato osatulukamo. Kuyambira mu 2017 makampani amatsegula timasitolo tawo mkati mwake momwemo. Starbucks chaka chomwecho idayambitsa njira yoti munthu agulire mnzake khofi n'kumutumizira ngati mphatso pa WeChat, mnzakeyo n'kukaonetsa foni pa kauntala. Palinso Weibo ya nkhani zotentha, Douyin yomwe ndi TikTok ya ku China, ndi Xiaohongshu komwe atsikana ambiri amafunsana za mafuta odzola ndi zovala asanagule.

Chimene ndikufuna mwana wanu afufuze kwambiri n'choti makampaniwa sadzitamandira okha. Amalipira anthu otchuka pa masambawa kuti awagulitsire katundu pa kanema wa pompopompo. Wodziwika kwambiri ndi Li Jiaqi, mnyamata amene adatchuka podzola yekha lipisitiki pamaso pa kamera, kupukuta, kudzolanso wina, anthu n'kumagula nthawi yomweyo. Tsiku la 11 Novembala, lomwe kampani ya malonda a pa intaneti ya Alibaba idalisandutsa msika waukulu kuyambira mu 2009, makampani akunja amalikonzekera kwa miyezi.

Kulakwitsa pa msika wa ku China kumawawa. Mu Novembala 2018 Dolce & Gabbana ya ku Italy idatulutsa kanema wa mtsikana wa Chitchaina akuvutika kudya pizza ndi timitengo todyera. Anthu pa Weibo adaona kuti akunyozedwa, chionetsero cha zovala ku Shanghai chidalephereka, masitolo a pa intaneti adachotsa katundu wawo. Mu Marichi 2021 H&M ya ku Sweden, yogulitsa zovala, idachotsedwanso pa Tmall, msika wa pa intaneti wa Alibaba, chifukwa cha zomwe idanena pa za thonje la ku Xinjiang. Apa mwana wanu aona kuti malonda ndi ndale sizisiyana, komanso kuti boma limayang'anira zolembedwa pa masambawa.

Tsopano za ntchito, ndipo pano ndisakunamizeni. Makampani a azungu kawirikawiri amalemba Matchaina eniake, kapena amapereka ntchitoyo ku makampani otsatsa malonda a ku Shanghai, chifukwa nthabwala ndi mawu a achinyamata pa masambawa zimasintha msanga. Mlendo amene waphunzira chinenerocho chaka chimodzi sangapikisane nawo. Ngati mwana wanu akulota kuti azikalembera kampani ya zovala ya Burberry mauthenga pa Weibo, muuzeni atsike pang'ono.

Mpata wake uli mbali ina. Mu 2020 kazembe wa Rwanda ku China, James Kimonyo, adaonekera pa kanema wa pompopompo akutsatsa khofi wa kwawo, ndipo katunduyo adatha m'kanthawi kochepa. Ogulitsa tiyi, khofi kapena mtedza wa makadamiya, komanso oitanitsa katundu ku Guangzhou, amafuna munthu wodziwa kuyankhula ndi Mtchaina pa WeChat, kuwerenga zimene ogula akunena ndi kuwerengera mtengo wotumizira katundu. Anthu otere kuno ndi ochepa.

Choncho ndalama ya Chitchaina ija, ngati ilipo, mupatseni, koma mugwirizane kuti alembe mayeso a HSK, pakuti ndi satifiketi imene masukulu a ku China amafunsa kwa ambiri ofuna kuphunzira m'chinenerocho, ndipo imathandiza pofunsira sikolashipu. Confucius Institute ya pansi pa University of Malawi imaphunzitsa chinenerochi, ku Zambia ilinso pa University of Zambia. Asasiye masamu a malonda ndi Excel.

Kafukufuku wakeyo achepetse. "Makampani a azungu" ndi nyanja. Atenge kampani imodzi ndi tsamba limodzi, atsegule akaunti ya Xiaohongshu, atsatire zimene kampaniyo ikuika kwa miyezi itatu, azilemba tsiku, mtundu wa uthenga ndi mayankho a anthu. Mutuwo akauonetse kwa mphunzitsi womuyang'anira asanayambe.