Kodi Ace ndi mkulu wake weniweni wa Luffy?

Mwafunsa ngati Portgas D. Ace ndi Monkey D. Luffy ndi a bere limodzi mu One Piece, nthano ya zithunzi ya Eiichiro Oda imene inayamba kutuluka ku Japan mu 1997. Ayi ndithu, magazi awo ndi osiyana. Ace ndi mwana wa Gol D. Roger, mfumu ya achifwamba a panyanja, ndi Portgas D. Rouge, ndipo anatenga dzina la amayi ake chifukwa chodana ndi bambo ake, pamene Luffy ndi mwana wa Monkey D. Dragon komanso mdzukulu wa Garp. Ubale wawo unamera pamene Garp anawasiya m'manja mwa Dadan, mtsogoleri wa achifwamba a kuphiri, kumene iwo pamodzi ndi mnzawo Sabo anamwera limodzi mowa wa sake n'kulumbira kuti ndi pachibale.

Pamene okonda nthanoyi amakanganirana kwambiri ndi pa Garp. Ena amamuikira kumbuyo kuti monga msilikali wamkulu wa pamadzi sakanatha kuphwanya lamulo Ace ataweruzidwa kuti aphedwe ku Marineford, likulu la asilikali a pamadzi, koma ine ndili kumbali ya Dadan, amene anamenya Garp atabwerera kumudzi chifukwa anaika ntchito patsogolo pa mwana amene Roger anamusiyira kuti adzamuteteze.